Madzi a Suweji mu Blantyre: Tiwayeretse Motani?

Anthu a ku Chimwankhunda, Zingwangwa ndi Nkolokosa safunika kuuzidwa kuti pafupi nawo pali malo oyeretsera madzi a suweji. M'mwezi wa Okutobala, mitsinje ikaphwa ndipo dzuwa likaswa mtengo, mphuno imanena yokha. Tsopano pamene nkhani yokonzanso suweji ya mzinda uno ili m'kamwam'kamwa, ndi bwino tikambirane funso limene kawirikawiri limasiyidwira mainjiniya ndi opereka ndalama okha: mwa njira zonse zoyeretsera madzi oipa, ndi iti imene ingatigwirire ntchito ife kuno?

Kodi tikagejemula chimbudzi, madzi aja amathera kuti?

Ngati nyumba yanu inalumikizidwa ku paipi ya suweji, madziwo amayenda okha motsetsereka mpaka kukafika pa amodzi mwa malo asanu amene Khonsolo ya Mzinda wa Blantyre yakhala ikuyang'anira. Malo a Soche ali ku Zingwangwa ndipo amatayira madzi awo mumtsinje wa Mlambalala. A Blantyre ali ku Manase, m'mbali mwa mtsinje wa Mudi. Ena atatu ndi a Limbe, Chirimba ndi Maone. Malowa ndi asanu osati amodzi chifukwa cha mapiri. Soche, Ndirande, Michiru ndi Mpingwe anaugawa mzindawu m'zigwa zosiyanasiyana, ndipo madzi sakwera chitunda popanda pampu.

Koma amene ali pa suweji ndi ochepa zedi, pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 10 alionse. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mu mzinda wa Blantyre. Ambiri mwa iwo amagwiritsa ntchito chimbudzi chokumba, ena sepitiki thanki. Mfundo imeneyi muigwire, chifukwa ndi imene imasintha nkhani yonse.

Kuyeretsa madzi a suweji n'kutani kwenikweni? Amathiramo mankhwala?

Ntchito yaikulu siichitidwa ndi mankhwala. Amaichita ndi mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya zonyansa. Chimene injiniya amachita n'kutikonzera malo abwino, chakudya ndi mpweya.

Tiyeni tiwatsatire madziwo pa malo a mtundu wa ku Soche, amene anamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Polowera pali zitsulo zoimika ngati mano a chipeso cha tsitsi, zokola majumbo, nsanza, matewera ndi zitsononkho. Munthu amaziwola ndi reki. Kenako madzi amadutsa m'ngalande momwe mchenga umatsalira, ndi kulowa m'thanki yaikulu momwe amadikha kwa maola angapo kuti matope akhale pansi. Madzi apamwamba amapita pa chithanki chozungulira chodzaza ndi miyala yoswa. Pamwamba pake pali mikono yachitsulo yobooka imene imazungulira pang'onopang'ono, kuwaza madzi pamiyala ija. Mwala mukautola mupeza ukuterera, wakutidwa ndi utoto wotuwa. Utoto umenewo ndiwo mabakiteriya, ndipo madzi akamatsika m'mipata ya miyala, pamene mpweya ukudutsa, iwo amadya zoipa zonse zosungunuka. Mikono ija, ikakhala yosamalidwa, imakankhidwa ndi mphamvu ya madzi omwewo, yosafuna magetsi. Matope otsala pansi amawayanika pa mabwalo a mchenga.

Pofuna kudziwa ngati ntchito yatheka, akatswiri amayeza chimene amachitcha BOD, kutanthauza kuchuluka kwa okosijeni amene zonyansa zili m'madzi zidzadye zikafika mumtsinje. Madzi a suweji osayeretsa amakhala ndi mamiligalamu mazana angapo pa lita. Muyezo wa dziko lino umafuna kuti otayidwa mumtsinje asapose mamiligalamu 20. Akatswiri a ku Polytechnic, yomwe tsopano ndi MUBAS, akhala akuyeza madzi otuluka m'malo a mu Blantyre, ndipo kawirikawiri amapeza kuti muyezowu sukwaniritsidwa.

Ndiye bwanji osangogwetsa zakalezi n'kugula makina amakono ngati a ku Ulaya?

Funso ili limabwera pa msonkhano uliwonse, ndipo ndi lomveka. Tonse tatopa ndi kupatsidwa zotsalira.

Njira imene mizinda yambiri ya ku Ulaya imagwiritsa ntchito inayambira ku Manchester mu 1914, pamene Edward Ardern ndi William Lockett anaonetsa kuti mukamapopera mpweya m'madzi a suweji mosalekeza, mabakiteriya amachulukana n'kumaliza ntchito m'maola ochepa. Amaitcha activated sludge. Imayeretsa bwino kwambiri ndipo imatenga malo ochepa. Koma moyo wake wonse uli pa magetsi. Makina opopera mpweya ayenera kulira usana ndi usiku, chaka chonse. Akazima kwa nthawi yaitali mabakiteriya amabanika, ndipo kuti abwererenso mwakale pamatenga masiku kapena masabata. Nthawi yonseyo zimene zikulowa ndi zomwezo zikutuluka.

Ife tikudziwa mmene magetsi athu alili. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Jenereta imafuna dizilo, ndipo mizere ya pa filing'i siteshoni tonse taiona. Makina akewo sapangidwa kuno. Beringi ikatha, kapena bolodi yoyendetsera makina ikapsa ndi mphenzi, pamafunika ndalama zakunja, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Anzathu a ku Harare anadutsa m'njira imeneyi. Malo awo a Firle anali m'gulu la apamwamba m'chigawo chino. Chuma chitasokonekera m'zaka za m'ma 2000, makina anaima limodzi ndi limodzi, mapaipi anaphulika m'makomboni, ndipo madzi osayera anayamba kutsikira mumtsinje wa Mukuvisi mpaka m'nyanja ya Chivero, momwe mzindawo umatunga madzi akumwa. Kolera ya 2008 ndi 2009 inapha anthu oposa 4,000 mu Zimbabwe. Mainjiniya awo anali odziwa ntchito. Chimene chinasowa ndi magetsi, sipeya ndi ndalama za tsiku ndi tsiku.

Ine maganizo anga ndi akuti Blantyre asamange malo aakulu a mtundu umenewu panopa. Makina oti akagwa palibe chimene chimatsala chikugwira ntchito ndi oopsa kuposa miyala ya ku Soche, imene ngakhale itasiyidwa imayesetsabe.

Nanga madamu oyeretsera madzi, monga a ku Limbe kapena a ku Kauma ku Lilongwe, si kungotaya manyi m'dziwe basi?

Ayi, ndipo pano ndichedwepo pang'ono chifukwa madamu amanyozedwa mosayenera.

Madamu opangidwa mwaluso amakhala mondondozana, lililonse ndi ntchito yake. Loyamba ndi lakuya, mamita 2 mpaka 5. Mmenemo mulibe mpweya, ndipo mabakiteriya osafuna okosijeni amaola matope okhala pansi. Kumalo otentha ngati kuno, damu limeneli lokha limatha kuchotsa theka la BOD kapena kuposerapo m'masiku owerengeka. Lachiwiri ndi lotambalala, kuya kwake mita imodzi kapena awiri. Likakhala bwino madzi ake amaoneka obiriwira, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti ndiye aipa. Kubiriwirako ndi ndere. Dzuwa likawala ndere imatulutsa okosijeni, mabakiteriya amamugwiritsa ntchito podya zonyansa, ndipo zimene mabakiteriya atulutsa ndere imadya. Ntchito imene ku Manchester amalipirira magetsi, kuno imachitidwa ndi dzuwa ndi mphepo. Otsiriza ndi madamu osaya, awiri kapena atatu, momwe kuwala kwa dzuwa kumafika pansi n'kupha tizilombo toyambitsa matenda.

Apa ndi pamene madamu amapambana makina. Madzi amakhalamo masabata atatu kapena anayi, ndipo m'nthawi imeneyo mazira a njoka za m'mimba amamira n'kutsalira pansi, mabakiteriya a kolera ndi tayifodi amafa ochuluka zedi. Makina a magetsi aja madzi amadutsamo m'maola ochepa, ndipo tizilombo tambiri timapulumuka pokhapokha athiremo klorini kapena awalitsiremo nyali zapadera. Ku Ulaya zimenezo sizidetsa nkhawa kwambiri chifukwa palibe amene amachapa kapena kusamba kumunsi kwake. Kuno mayi amachapira mumtsinje womwewo, ana amasambira, mlimi wa dimba amathirira mpiru ndi tomato. Chofunika choyamba kwa ife ndi kupha tizilombo.

Si njira ya midzi yaing'ono yokha. Mzinda wa Nairobi umayeretsa gawo lalikulu la suweji yake m'madamu a Dandora, ndipo ku France ndi ku Germany kuli madamu otere ochuluka m'matauni aang'ono. Pulofesa Duncan Mara wa ku yunivesite ya Leeds anathera zaka zambiri akuphunzitsa kuti kumayiko otentha, madamu ndiwo ayenera kuganiziridwa poyamba, ndipo njira ina isankhidwe pokhapokha patapezeka chifukwa chenicheni.

Ngati ndi abwino chonchi, vuto lake n'chiyani?

Malo. Madamu amafuna masikweya mita 2 mpaka 5 pa munthu aliyense, kutanthauza mahekitala 20 mpaka 50 pa anthu 100,000, ndipo malowo akhale athyathyathya komanso kumunsi kwa nyumba zonse. Ku Lilongwe zimenezo zimapezeka. Pakati pa Zingwangwa ndi Chimwankhunda palibe hekitala yongokhala. N'chifukwa chake ku Soche nzeru ndi kukonzanso zimene zilipo: kusintha mikono yowaza madzi, kutsuka kapena kusintha miyala, kukonza mathanki ndi mabwalo oyanikira. Pamene malo achepa koma madzi achuluka, pali thanki ina yotchedwa UASB, imene Gatze Lettinga anaiyambitsa ku Netherlands m'zaka za m'ma 1970 ndipo yafala ku Brazil ndi ku India. Imaoletsa zonyansa popanda kupopera mpweya, imatulutsa gasi woti n'kuphikira, ndipo ikaikidwa patsogolo pa miyala imaipepuza ntchito. Imafuna woiyang'anira wophunzira, koma magetsi ochepa.

Vuto lachiwiri ndi lathu lomwe. Poti madamu salira ngati injini, amaiwalika. Damu loyamba liyenera kuchotsedwa matope pakapita zaka zingapo. Likasiyidwa limadzaza, madzi amangodutsa pamwamba, fungo limabuka. Udzu ukamera m'mbali udzudzu umaswana. Namasupuni akaphimba madzi, dzuwa sililowa ndipo ndere imafa. Mpanda ukabedwa ana amalowa. Ndipo malo amene anasiyidwa kuti madamu adzakulitsidwe, anthu amamangapo nyumba. Mzinda wofuna madamu zaka 20 zikubwerazi uyenera kugula ndi kutchinga malowo lero, kunja kwa tauni, mitengo isanakwere.

Zonsezi ndi za anthu a suweji. Ife a chimbudzi chokumba zikutikhudza bwanji?

Zikukukhudzani kuposa wina aliyense, ndipo ndi pano pamene ndalama zambiri zimayenera kupita.

Kumudzi chimbudzi chikadzaza mumakwirira n'kukumba china. Ku Chilobwe, Manja, Ndirande kapena Bangwe, poloti ili ndi nyumba za lendi mbali zonse, malo okumba china palibe. Landilodi amaitana opopa. Ngati msewu ulipo imabwera galimoto ya thanki. Ngati palibe, amabwera anyamata ndi pampu ya manja yotchedwa gulper, kapena ndowa ndi fosholo basi, n'kumathira m'migolo. Kumtunda kwa dzenje zinthu zimakhala zamadzimadzi, pansi zolimba ngati dongo, zosakanikirana ndi majumbo, nsanza ndi mabotolo zimene zimatseka pampu. Funso ndi lakuti migolo ija ikachoka pakhomo panu ikupita kuti. Malo otayira akakhala kutali, ndipo pachipata pali malipiro, ena amadikira mdima n'kukhuthulira mumtsinje kapena mu ngalande. Eni nyumba ena amadikira mvula yamphamvu n'kuboola dzenje kumunsi.

Zotsatira zake timaziwerengera kuchipatala. Kuyambira cha mu 2011 tayifodi yosamva mankhwala ambiri inakula mu Blantyre, ndipo si mwangozi kuti kafukufuku wa katemera wa matendawa, amene anayamba mu 2018 pa ana oposa 28,000, anachitikira ku Ndirande ndi ku Zingwangwa. Kolera imene inayamba mu Malichi 2022 inagwira anthu oposa 58,000 m'dziko muno ndi kupha oposa 1,700, mpaka sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Miyezi iwiri pambuyo pake namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, kukokolola nyumba ndi zimbudzi za ku Chilobwe ndi Manja.

Matope a m'chimbudzi chokumba ndi olimba kuwirikiza kambirimbiri poyerekeza ndi madzi a suweji. Kuwakhuthulira ochuluka m'malo opangidwira madzi a m'paipi ndi kupha malowo. Amafuna malo awoawo, ndipo ubwino wake ndi wakuti malo amenewo ndi osavuta: thanki yodikhitsira, mabwalo a mchenga ndi miyala okhala ndi denga kuti mvula isanyowetse, ndi damu laling'ono la madzi otsika pansi. Dakar ali nawo ku Cambérène. Kampala anatsegula a Lubigi mu 2014, amene amalandira madzi a paipi ndi matope a zimbudzi padera. Lusaka anayesa zomwezo ku Kanyama. Blantyre akufunika malo otere angapo, ofalikira m'zigwa zake, komanso mathanki olandirira apafupi ndi makomboni kuti wopopa asayende mtunda wautali. Wopopa wobweretsa katundu wake pamalo oyenera asamaonedwe ngati wobweretsa vuto. Akugwira ntchito imene paipi ikanagwira.

Kodi sizingatheke kungofikitsa paipi ya suweji paliponse?

Paipi yaikulu yokumbidwa pakati pa msewu ndi yodula kwambiri, makamaka pamiyala ya Blantyre. Pali njira yotsika mtengo imene José Carlos Melo anaiyambitsa ku Brazil m'zaka za m'ma 1980: mapaipi aang'ono, osaya, odutsa kuseri kwa nyumba, oyandikana akugwirizana kuwasamala. Ku Orangi mu mzinda wa Karachi, kuyambira 1980, anthu osauka anadzikumbira okha ngalande zotere m'misewu yawo. M'madera a mapoloti oyalidwa bwino kuno zingatheke.

Koma suweji imayenda ndi madzi. Madzi ambiri a mzinda uno amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 chokwera. Kumene mpopi umauma masiku angapo, kapena banja limagula madzi pa kiyosiki ndi chigubu, paipi ya suweji ingangotsekeka. Kumeneko chimbudzi chokumba chomangidwa ndi njerwa mkati, chopopeka, ndiye yankho la zaka zambiri zikubwerazi.

Nanga Mudi? Fungo lake si la mafakitale?

Mbali yaikulu ndi yawo, ngakhale mapaipi ophulika ndi zimbudzi za m'mbali mwa mtsinje zili ndi gawo lake. Madzi ochokera m'mafakitale a ku Makata, Chirimba ndi Maone amakhala ndi mafuta, utoto, soda, asidi, nthawi zina zitsulo zosungunuka. Mabakiteriya amene tikuwadalira aja ndi amoyo, ndipo mankhwala otere amawapha, kaya ali pamiyala, m'damu kapena m'makina odula. Choncho palibe njira imene ingagwire ntchito ngati fakitale iliyonse siyamba yayeretsa madzi ake pamalo pake isanawatulutse. Malamulo alipo: la madzi la 2013 ndi la zachilengedwe la 2017, limene linakhazikitsa bungwe la MEPA. Chofunika ndi anthu oyeza madzi pafupipafupi, obwera mosalengeza, ndi chindapusa choposa mtengo woyeretsera.

Kodi madzi oyeretsedwa ndi matope ouma ali ndi ntchito?

Ali nayo. Muli nayitulojeni ndi fosiforasi, zomwezo zimene timagula m'thumba la feteleza. Ku Kolkata madzi a suweji akhala akudyetsa maiwe a nsomba kwa zaka zambiri. Bungwe la WHO limalangiza kuti madzi othirira mbewu asakhale ndi dzira la njoka za m'mimba loposa limodzi pa lita, muyezo umene madamu osamalidwa amaukwanitsa. Matope ouma amafunika kusungidwa miyezi yambiri kapena kuwoletsedwa ngati kompositi asanapite kumunda, chifukwa mazirawo safa msanga. Ndalama zochokera ku manyowa zimathandizako, koma sizingalipire ntchito yonse.

Tamva kuti World Bank inapereka ndalama. Ife monga nzika tifunse chiyani?

Mu 2023 World Bank inavomereza madola 145 miliyoni a pulojekiti ya madzi ndi ukhondo imene gawo lake loyamba ndi la Blantyre. Mwayi wotere subwera chaka chilichonse, ndipo zimene zimangidwe tidzakhala nazo mpaka zidzukulu.

Dziko lino linaphunzitsapo kale ena nkhani yofanana ndi iyi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, mijigo yochokera kunja inkangofa m'midzi chifukwa kuikonza kunkafuna galimoto ya boma ndi zida zolemera. Kuno ku Malawi kunayamba kupangidwa mjigo wa Maldev, umene pambuyo pake unasanduka Afridev, woti komiti ya pamudzi ikhoza kuutsegula ndi sipanala imodzi n'kusintha mphira. Lero uli m'mayiko ambiri a mu Africa. Funso limene anadzifunsa opanga mjigowo ndi lomwe tiyenera kufunsa pa suweji: ikawonongeka, adzakonza ndani, ndi chiyani, pa ndalama za ndani?

Choncho mukakumana ndi khansala wanu, kapena akuluakulu akabwera kudzafotokoza za pulojekiti, afunseni kuti malo amene akumangawo adzadya magetsi a ndalama zingati pa mwezi, ndipo magetsi akazima masiku atatu mumtsinje mudzatuluka chiyani. Afunseni kuti ndi sipeya uti amene sangapezeke ku Limbe kapena ku Ginnery Corner. Funsaninso za ndalama zoyendetsera, chifukwa wopereka thandizo amamanga n'kupita, pamene malipiro a alonda, owola zinyalala ndi oyeza madzi ayenera kuchokera m'thumba la mzinda chaka ndi chaka. Ndalama za misonkho ya mzinda zimalimbiranidwa ndi misewu, misika ndi zinyalala, ndipo suweji imakhala kumapeto kwa mzere. Mizinda yambiri imene yapita patsogolo inaika kagawo ka ukhondo pa bilu ya madzi, kosungidwa padera. Zikatero kuno, anthu a zimbudzi zokumba nawonso adzakhala akulipira, ndiye ali ndi ufulu wofunsa kuti pa ndalamazo ndi zingati zimene zikupita ku malo otayira matope ndi kutsitsa mtengo wopopetsa.

Ndipo pemphani kuti zotsatira za kuyeza madzi otuluka ku Soche, Manase, Limbe, Chirimba ndi Maone zizipachikidwa poyera mwezi ndi mwezi, pa ofesi ya khonsolo ndi pa chipatala cha Zingwangwa, kuti amene amachapa ndi kuthirira madimba kumunsi kwa Mlambalala ndi Mudi azidziwa madzi amene akuwagwira.